Kusankha njira yotolera deta pa makina a NMR musanalembe zg

Ophunzira ambiri akafika koyamba pa makina a NMR, ofufuzira mamolekyu pomvetsera nyukiliyasi za maatomu zili m'maginito, amangopatsidwa mawu ochepa oti azilemba pa kompyuta: lock, atma, topshim, rga, zg (loyambitsa kutolera deta), kenako efp ndi apk. Akatsatira ndondomekoyi spectrum, chithunzi cha nsonga zoimira maatomu a mu sampulo, imatuluka ndithu. Mavuto amayamba tsiku limene nsonga yaoneka pamalo pamene sipayenera kukhala kanthu, kapena pamene kukula kwa nsonga ziwiri kwakana kugwirizana ndi chiwerengero cha maatomu a hayidirojeni amene mukudziwa kuti alimo. Apa ambiri amathamangira kukonza ndi pulogalamu ya pa kompyuta, chonsecho zolakwika zambiri zotere zimalowa pa nthawi yotolera deta. Chimene makina sanamve pa nthawi imeneyo palibe pulogalamu imene ingachibwezeretse. Mayina amene ndigwiritse ntchito ndi a TopSpin, pulogalamu ya makina a Bruker, poti ndiyo ambiri amakumana nayo. Pa makina a Varian zinthu zake ndi zomwezo, kungoti mayina ndi ena.

Dziwani kaye chimene makina akumvetsera

Nyukiliyasi ya hayidirojeni ikaikidwa m'maginito imazungulira pa liwiro lodziwika bwino, 42.58 MHz pa tesla (T) iliyonse ya mphamvu ya maginito. N'chifukwa chake maginito a 9.4 T anthu amangowatchula kuti "400", ndipo a 14.1 T amati "600". Kaboni-13 imazungulira pang'onopang'ono, pafupifupi 100.6 MHz m'maginito a 400 omwewo. Makina a MRI amene anaikidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, amene anathandiza kuona kutupa kwa ubongo mwa ana odwala malungo a m'bongo, maginito ake anali a 0.35 T, kutanthauza kuti ankamvetsera hayidirojeni pafupifupi pa 15 MHz. Fizikisi yake ndi imodzimodzi ndi imene tikukamba pano.

Pali njira ziwiri zikuluzikulu zomvetsera. Magulu a Felix Bloch ku Stanford ndi Edward Purcell ku Harvard atafalitsa zotsatira zawo mu 1946, kwa zaka pafupifupi 20 njira yofala inali ya CW: mumatumiza mafunde a wailesi ofooka mosalekeza, n'kumasintha maginito kapena frequency pang'onopang'ono kuti nsonga zizituluka imodziimodzi. Njirayi idakalipo m'malabu ena ophunzitsira fizikisi, ndipo lamulo lake ndi losavuta: musathamangitse, musakweze mphamvu, apo ayi nsonga imapindika kapena kuphwa. Mu 1966 Richard Ernst ndi Weston Anderson, akugwira ntchito ku Varian, anaonetsa ubwino wa njira ina. Mumamenya nyukiliyasi zonse nthawi imodzi ndi pulse yamphamvu ya mamayikulosekondi ochepa, n'kumvetsera kulira kwake mpaka kutazirala, monga limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo ku sukulu imalirira ikamenyedwa kamodzi. Kulira kozirala kumeneku ndiye FID, ndipo masamu a Fourier ndiwo amakusandutsa spectrum. Zonse zotsatirazi ndi za njira yachiwiriyi.

Gawo loyamba: sampulo, lock ndi shim

Apa sindichedwapo, koma musadumphe. Siyani makiyi, foni ndi makhadi a ku banki kutali, chifukwa maginito aja sazima ngakhale usiku, ndipo munthu wokhala ndi pacemaker asayandikire n'komwe. Mu chubu cha 5 mm thirani pafupifupi 0.6 mL, mosefa bwino kuti musakhale timibulu. Sankhani dzina lolondola la chosungunulira pochita lock (kugwira maginito kuti asasunthe), chunani probe (chipangizo chotumiza ndi kulandira mafunde), chitani shim (kulinganiza maginito). Ndiye yang'anani nsonga imodzi yodziwika, monga ya TMS, mankhwala oyambirapo muyeso, pa 0 ppm (muyeso wa malo a nsonga pa spectrum) kapena yotsalira ya chosungunulira cha CDCl3 pa 7.26 ppm. Ikakhala ndi phewa kapena mchira mbali imodzi, bwererani ku shim. Palibe njira yotolera deta imene ingawongole maginito osalingana.

Gawo lachiwiri: sankhani AQ_mod mukudziwa chifukwa chake

Kompyuta silemba mafunde a 400 MHz mwachindunji. Cholandirira chimachotsapo frequency imene mwaika pakati, yotchedwa O1, n'kusiya kusiyana kokha, kumene kumakhala mahezi mazana kapena masauzande ochepa. Tsono taganizani nsonga ziwiri, ina ili 500 Hz kumanzere kwa O1, ina 500 Hz kumanja. Mukamvetsera ndi njira imodzi yokha, ziwirizi zimamveka chimodzimodzi. Simungadziwe kuti kuzungulirako kukulowera mbali iti. Njira zonse zinayi za AQ_mod, posankhira mmene cholandirira chilembere sigino, zinabwera kudzayankha funso limeneli.

Ya qf imamvetsera ndi njira imodzi basi. Kuti musasokonezeke mumayenera kuika O1 kumapeto kwenikweni kwa spectrum, nsonga zonse zikhale mbali imodzi. Mtengo wake ndi wowawa: phokoso la mbali yopanda kanthu ija limapindikira pa deta yanu, ndipo pulse imayenera kufikira kutali kuwirikiza kawiri. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku musaisankhe.

Ya qsim imagawa sigino panjira ziwiri zosiyana ndi madigiri 90, n'kulemba zonse ziwiri pa kamphindi kamodzi. Manambala awiriwa pamodzi amaulula mbali ya kuzungulira, motero O1 ikhoza kukhala pakati penipeni. Ya qseq imalemba njira ziwirizo mosinthanasinthana, iyi kenako iyo, nzeru imene imadziwika ndi dzina la Alfred Redfield ndipo inathandiza kwambiri makina akale.

Njira ziwiri za waya sizifanana ndendende. Ina ikakhala yamphamvu pang'ono kuposa inzake, kapena madigiri aja akakhala 89 m'malo mwa 90, nsonga yaikulu iliyonse imabala kamthunzi kake tsidya lina la O1, pa mtunda wofanana. Nthawi zina pamatulukanso kansonga kabodza pa O1 penipeni. David Hoult ndi Rex Richards mu 1975 anafotokoza mankhwala ake, otchedwa CYCLOPS: kubwereza kanayi uku mukutembenuza phase (ngodya imene mafunde akuyambira) ya pulse ndi ya cholandirira ndi madigiri 90 ulendo uliwonse, kuti zolakwikazo zifafanizane zokha. Apa ndi pamene panachokera mwambo woti NS, chiwerengero cha maulendo obwereza, izikhala 4, 8, 16 ndi kupitirira. Pulogalamu ya zg30 ili ndi masitepe 8 a phase, choncho NS ya 8 kapena 16 imamaliza bwalo lonse pamene ya 10 imalisiya panjira.

Ya DQD ndiyo muyenera kusankha ngati makina anu akulola. Sigino imasandutsidwa manambala isanagawidwe, ndipo kugawa kuja kumachitika ndi masamu, kumene madigiri 90 amakhala 90 enieni. Timithunzi tija timatha. Makina ena akale amakana DQD mukafuna zenera la spectrum (SW) lotakata kwambiri, monga pa zinthu zolimba, ndipo pamenepo bwererani ku qsim ndi NS yomaliza bwalo la phase.

Mukakayikira nsonga, pali kayesedwe kosatenga ngakhale mphindi ziwiri. Sunthani O1 ndi mahezi 200 kapena 300, tolerani kachiwiri. Nsonga yeniyeni imakhala pa ppm yake yomweyo. Mthunzi, kapena nsonga yopindikira kuchokera kunja, imasamuka. Ndikanakonda wophunzira aliyense akanamachita zimenezi kamodzi mwadala pa sampulo yodziwika, aone ndi maso ake.

Gawo lachitatu: SW, TD ndi AQ

Zitatuzi n'zomangirirana, mukakhudza chimodzi china chimasuntha. SW ndi kutakata kwa zenera lanu, mu ppm, ndipo SWH ndi komweko mu mahezi. TD ndi chiwerengero cha manambala olembedwa, kuphatikiza a njira zonse ziwiri. AQ, nthawi yomvetsera, ndi TD kugawa ndi SWH yowirikiza kawiri. Pa makina a Varian mayina ake ndi sw, np ndi at.

Tiyese ndi manambala. Pa 400 MHz, zenera la 20 ppm ndi 8000 Hz. Makina alemba nambala pa mamayikulosekondi 62.5 alionse, imene ndi DW. Mukaika TD ya 65536, AQ ikhala masekondi 4.096, ndipo nsonga ziwiri zotalikirana ndi pafupifupi 0.25 Hz ndizo malire a zimene mungasiyanitse. Mukachepetsa TD kufika 8192, AQ itsika kufika theka la sekondi, ndipo kugawikana kwa nsonga kwa 1 Hz simukuonanso, ngakhale shim yanu ikhale yokongola chotani.

Ulendo woyamba pa sampulo yachilendo tsegulani zenera motakata: 20 ppm ndi O1 pafupi ndi 6 ppm pa hayidirojeni, 240 ppm ndi O1 pafupi ndi 100 ppm pa kaboni. Chifukwa chake ndi ichi. Pa makina akale, nsonga yokhala kunja kwa zenera inkalowabe mkati pamalo olakwika. Mu qsim inkatulukira mbali ina yakutali, mu qseq inkabwerera pafupi ndi mpanda womwe yadumphawo. Zinali zosokoneza, komabe munkadziwa kuti kunja kuli kanthu. Makina a masiku ano ali ndi sefa ya manambala imene imangodula chilichonse chakunja mwakachetechete. Hayidirojeni ya asidi wa carboxylic imene ili pa 12 ppm, inu mutatseka zenera pa 10, simudzaiona ndipo palibe chidzakuchenjezeni. Chepetsani zenera pokhapokha mutaona zonse zimene zilimo.

Za AQ, funsani FID yeniyeniyo. Ikadulidwa isanazirale, nsonga zimamera timizere togwedera m'mbali mwa tsinde lake. Ikazirala pa sekondi imodzi inu n'kumvetserabe mpaka masekondi 8, asanu ndi awiri otsalawo mwatolera phokoso lokhalokha. Pokonza, ikani SI, chiwerengero cha manambala a spectrum, yofanana ndi TD kuti mudzaze maziro kamodzi. Zimenezi zimasalaza nsonga, koma sizilowa m'malo mwa AQ imene inali yaifupi.

Gawo lachinayi: pulse ndi RG

Manambala onse a m'gawo lotsatira amadalira kuti pulse ya madigiri 90, yopendeketsa nyukiliyasi ndi ngodya imeneyo, ndi ya 90 zoona. Lamulo la getprosol limakupatsani imene inayesedwa pa sampulo ina tsiku lina, kawirikawiri pafupi ndi mamayikulosekondi 10. Sampulo ya madzi a mchere wambiri imafuna yotalikirapo. Kuti muyese nokha, musasake pamene sigino yafika pachimake, chifukwa pachimake m'posalala ndipo diso limanamizika. Onjezerani P1, kutalika kwa pulse, mpaka sigino itasowa kachiwiri, pamene ndi pa madigiri 360, ndiye gawani ndi 4.

RG ndi kukweza kwa cholandirira. Mukaikweza mopitirira, mutu wa FID umametedwa ndipo mzere wapansi wa spectrum umapindika moti simungauwongole. Lamulo la rga limasankha bwino nthawi zambiri, koma lithamangitseni mutamaliza kusintha zina zonse. Ndipo ngati sigino ingakule mkati mwa kuyesako, monga poyeza T1 imene tiikambe m'gawo lotsatira, ikani RG poyang'ana pamene sigino ili yaikulu kwambiri.

Gawo lachisanu: kubwereza kangati, kudikira nthawi yotani

Apa dzifunseni moona mtima: mukufuna kungoona kuti nsonga zili pati, kapena mukufuna kuwerenga kuchuluka kwake? Mayankho awiriwa amafuna manambala osiyana, ndipo kuwasakaniza ndiko kumawononga deta yambiri.

Mukabwereza, sigino imakula mofanana ndi NS koma phokoso limakula ndi square root yake. Kuchoka pa NS ya 16 kufika 64 kumangowirikiza kawiri ubwino wa spectrum. Kuti muwirikizenso mufunika 256, kenako 1024. Pa malo amene makina ndi amodzi ndipo anthu ali pamzere, nthawi zambiri kuwonjezera sampulo mu chubu n'kwanzeru kuposa kugwira makina usiku wonse.

Pakati pa pulse ndi inzake nyukiliyasi zimafuna nthawi yobwerera m'malo mwake, ndipo nthawiyo imayezedwa ndi T1. Nthawi yonse yobwereza ndi AQ kuphatikiza D1, nthawi yodikira musanamenyenso. Pa kuwerenga kuchuluka ndi pulse ya madigiri 90, dikirani T1 yotalikitsitsa kuwirikiza kasanu, pamene 99.3 peresenti imakhala itabwerera. T1 ikakhala masekondi 3, ndiye masekondi 15 onse pamodzi. AQ yathu ya masekondi 4 ija ikusiyirani D1 ya 11. Mukafupikitsa, nsonga za T1 yaitali zimaoneka zazing'ono kuposa mmene zilili, ndipo spectrum imaonekabe yaukhondo, moti simungakayikire.

T1 musaiganizire, iyezeni. Gwiritsani ntchito inversion recovery: pulse ya 180, kudikira, pulse ya 90. Kudikirako kukakhala kwakufupi nsonga imaloza pansi, kukatalika imaloza m'mwamba, ndipo pakati pali pamene imasowa. Nthawi imeneyo igaweni ndi 0.693, mwapeza T1. Ngati mukufuna muyeso weniweni wa fizikisi, lembani nthawi zodikira 10 kapena 16 mu vdlist, zambiri zikhale zazifupi pamene sigino ikusintha mofulumira, ndipo yomaliza ipitirire T1 kasanu.

Ngati mukungofuna kuona nsonga, kudikira konseko n'kutaya nthawi. Menyani pang'ono koma pafupipafupi. Ernst anapereka masamu ake: cosine ya ngodya yabwino ndi exp ya nthawi yobwereza kugawa ndi T1, ndi chizindikiro chochotsera. Nthawi yobwereza ikafanana ndi T1 ngodyayo ndi madigiri 68, ndipo ikakhala gawo limodzi mwa asanu a T1 ndi madigiri 35. Ndiko kumene zg30, ya pulse ya madigiri 30, inachokera. Ikaninso DS ya 2 kapena 4, maulendo amene makina amamenya osalemba, kuti zinthu zikhazikike kaye.

Kaboni-13 ili ndi msampha wakewake. Ndi 1.1 peresenti yokha ya kaboni yense, choncho pulogalamu yofala, zgpg30, imasiya decoupler ya hayidirojeni, yoletsa hayidirojeni kugawa nsonga za kaboni, ili yoyaka nthawi yonse kuti NOE, thandizo lochokera ku hayidirojeni yapafupi, ikweze sigino, mwina mpaka katatu. Koma sikweza makaboni onse mofanana, ndipo opanda hayidirojeni amatsalira. Pofuna kuwerenga kuchuluka sankhani zgig, imene imayatsa decoupler pa nthawi yomvetsera yokha, ndipo lolani D1 yaitali.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: pamene FID yokha siyokwanira

FID imazirala mofulumira kuposa mmene nyukiliyasi zingafunire, chifukwa maginito sakhala olingana ponseponse. Ngati funso lanu ndi T2 yeniyeni, nthawi ya kuzirala kwachibadwa kwa sigino, FID ikupatsani T2* imene ndi yaifupi. Erwin Hahn mu 1950 anaonetsa kuti pulse yachiwiri imabweretsanso sigino imene inaoneka ngati yatha, imene timati echo. Pa zamadzimadzi, echo imodzi yodikira nthawi yaitali imasokonezedwa ndi kuyendayenda kwa mamolekyu, motero sankhani CPMG, mndandanda wa ma pulse a 180 otsatizana pafupipafupi umene Carr ndi Purcell anayambitsa mu 1954 ndipo Meiboom ndi Gill anaukonza mu 1958. Pa makina ang'onoang'ono a maginito ofooka mukhoza kungolemba pamwamba pa echo iliyonse m'kuyesa kumodzi. Pa makina aakulu mumalemba FID yonse pambuyo pa echo yomaliza, n'kumasintha chiwerengero cha ma echo.

Pa zinthu zolimba vuto ndi lina. Pulse ikatha, probe imalirabe kwa mamayikulosekondi angapo ndipo cholandirira chimakhala chotseka, nthawi imene pa Bruker imaoneka ngati DE. Sigino yotakata ikhoza kutha theka isanayambe kumveka. Echo imaisunthira kutsogolo kumene makina angaimve, ndipo pokonza mumayambira pamwamba penipeni pa echo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: FnMODE pa 2D

Ganizo la 2D, spectrum ya mbali ziwiri, analipereka Jean Jeener mu 1971, ndipo gulu la Ernst linalifalitsa litaliyesa mu 1976. Mumatolera ma FID ambiri, uku nthawi ina ya mkati mwa pulogalamu, t1, ikutalika pang'ono ulendo uliwonse. Mbali yachiwiriyi simvetseredwa mwachindunji, ndiye funso lija la kumanzere kapena kumanja limabweranso, ndipo FnMODE ndiyo yankho lake.

QF imasankha mbali imodzi pogwiritsa ntchito phase kapena ma gradient (kusiyanitsa maginito mwadala kwa kanthawi). Ndi yachangu, sifuna kukonza phase, koma nsonga zake zimakhala zonenepa ndi michira. Pa mitundu ya 2D ya tsiku ndi tsiku monga COSY ndi HMBC ndi yokwanira. States, ya States, Haberkorn ndi Ruben mu 1982, imatolera ma FID awiri pa t1 iliyonse osiyana ndi madigiri 90, ngati qsim. TPPI, imene Marion ndi Wüthrich anafalitsa mu 1983, imasuntha phase pa sitepe iliyonse, ngati qseq. States-TPPI ya mu 1989 imaphatikiza ziwirizi n'kukankhira nsonga zabodza zotchedwa axial kumapeto kwa zenera, m'malo moti zidutse pakati pa deta yanu. Pa NOESY ndi TOCSY, pamene kuloza m'mwamba kapena pansi kwa nsonga kuli ndi tanthauzo, sankhani imeneyi. Echo-Antiecho imatembenuza gradient ulendo ndi ulendo, ndipo ndiyo ya HSQC.

Simusankha mwaufulu ayi, dzina la pulogalamu limakuuzani. Zilembo qf, monga mu cosygpqf, zikutanthauza QF. Zilembo ph zikutanthauza States, TPPI kapena States-TPPI. Zilembo et, monga mu hsqcetgp, zikutanthauza Echo-Antiecho. Mukasintha pulogalamu mu fayilo yakale, yang'anani FnMODE musanayambe. Kumbukiraninso kuti mbali yachiwiri ilibe sefa, choncho nsonga zakunja zimapindikira mkati ngakhale pa makina atsopano.

Nthawi ya 2D ndi NS kuchulukitsa ndi TD ya mbali yachiwiri, kuchulukitsanso ndi nthawi yobwereza. NS ya 4, TD ya 256 ndi masekondi 1.7 zikupatsani mphindi 29, ndipo lamulo la expt limawerengera zimenezi musanayambe. Sampulo ikakhala yochuluka, chepetsani NS kufika pamene pulogalamu ikulola, nthawi yotsalayo muiike pa TD. NUS, imene imatolera theka kapena gawo limodzi mwa anayi a masitepe a t1 n'kumanganso otsalawo ndi masamu, imathandiza pa HSQC ya sigino yamphamvu ndi nsonga zochepa. Pa NOESY, pamene timansonga tofooka takhala pafupi ndi zikuluzikulu, ine ndingakulangizeni kutolera masitepe onse.

Gawo lomaliza: sungani deta yosakonza

Koperani foda yonse ya kuyesako, osati chithunzi cha spectrum chokha. Fayilo ya fid, kapena ser pa 2D, ndi manambala okhaokha opanda tanthauzo ngati palibe acqus ndi acqu2s, mmene munalembedwa AQ_mod, SW, O1 ndi FnMODE zimene zinagwiritsidwadi ntchito. Mukatsegula FID ya Bruker mu pulogalamu ina monga NMRPipe kapena nmrglue, mudzaona manambala oyambirira ali pafupi ndi ziro kenako sigino n'kudzuka. Musawafufute poganiza kuti ndi zinyalala. Ndi kuchedwa kwa sefa ya manambala ija, ndipo pa makina atsopano kukula kwake kunalembedwa mu acqus pa dzina la GRPDLY. Pulogalamu yanu ikalephera kukuwerengera, phase imazungulira kambirimbiri kuchokera mbali ina ya spectrum kufika inzake, ndipo kukonza kwake ndi kupereka nambala imeneyo musanachite Fourier.